Mwanayu Amagwagwa

Tenti imene ndinagula pa kaunjika ku Golomoti, akazi anga amayanikapo mpunga masiku ano. M'nyumba muno ndikangoyamba kutchula za phiri, mbale zimayamba kulira kukhitchini. Ndiye ndati nkhaniyi ndikuuzeni inuyo, poti muli kutali, simungandigende ndi kapu.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale chakufupi ndi Mua, ndipo matenda a ife aphunzitsi ndi oti tikaona chinthu kamodzi timayesa tachidziwa. Ndinkaona alendo obwera ku mishoni akukwera mapiri a kumtunda kwathuku atabereka zikwama, n'kukagona konko, m'mawa n'kutsika akuseka. Chaka chathachi mwana wathu Sesiliya anapeza mnyamata, Madalitso wa ku Mtakataka, wogulitsa mpunga. Chinkhoswe chinali chitayandikira, nsalu titagula kale. Ndinaganiza kuti mwana asanatuluke m'manja mwathu tikagone kuphiri atatu, ine, amayi ake ndi iyeyo, tidzakhale ndi chokumbukira. (Chokumbukiracho tili nachodi.)

"Kukagona kutchire nyumba ilipo?" anafunsa akazi anga. "Mwatopa nafe kodi?"

"Ndi kupitidwa mphepo chabe, amake Sesiliya. Anzathu amatero."

"Anzanu ake ati?"

Kunena zoona, mnzanga wotero ndinalibe.

Ndinasankha mwezi wa Okutobala, nthawi imene kuno kuchigwa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Pa kaunjika pomwe paja ndinamugulira Sesiliya nsapato zokwerera phiri, zazikulu ngati za msilikali, pansi pake patatha n'kusalala. Zinamukulira. Mwana anapempha kuti avale masilipasi ake, ine ndinakana, ndinati alowetse nsanza kutsogoloko. Ndinayankhula ndi mawu a m'kalasi, aja osayankhidwa.

Tinanyamuka Loweruka dzuwa litakwera kale. Njira yake ndi ya timiyala ndi udzu wouma, woterera zedi. Sesiliya anagwa koyamba madenga a malata tikuwaonabe pafupi, ndipo tonse tinaseka. Atagwanso ndinaseka ndekha. Kenako bondo linasupuka, chitenje chinang'ambika, kuseka kunatha. Madzi ndinatenga ochepa chifukwa ndinkakumbukira kasupe amene ndinamwapo ndili mnyamata. Titafikapo tinapeza mchenga ndi mapazi a anyani.

Dzuwa litapendeka tinatulukira pathanthwe lalikulu pamwamba pa phiri. Ine ndinkayembekezera bata ndi kamphepo. Tinapeza gulu la anthu, ambiri amayi, atamanga maduku oyera, Mabaibulo m'manja, zigubu za madzi zili pansi pa mtengo wa masuku. Anabwera kudzapemphera, ndipo anali akusala kudya. Apa mpamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense kwathu kuno amadziwa: munthu sakagona kuphiri popanda vuto. Kumapita ofuna mwana, ofuna ntchito, ndi aja banja likuwagwedezeka. Wopita kukaona malo ndinali ine ndekha m'boma lonse la Dedza.

Mtsogoleri wawo, bambo woonda wa mawu osasa amene ankamutchula kuti mtumiki, anabwera kudzatilonjera.

"Mwalandiridwa, abale. Vuto n'chiyani?"

"Ayi, palibe vuto. Tangobwera kudzagona."

Anandiyang'ana mwachifundo, mmene ine ndimayang'anira mwana amene akuti kope lake yadya mbuzi.

"Onse amayamba choncho, bambo," anatero. "Musachite manyazi."

Nthawi imeneyo Sesiliya anali atakhala pamwala, milomo itauma gwa, m'tsitsi muli udzu ndi fumbi, magazi akutsika pabondo. Ndinapempha madzi. Mtumiki anatuma mayi wina kuti akatunge, n'kuloza mwana wanga.

"Nanga mlongoyu watani?"

Munthu wanzeru akanati watopa. Mawu amodzi, nkhani n'kutha. Koma ine ndimakonda kufotokoza.

"Mwanayu amagwagwa," ndinatero. "Kungoyenda pang'ono wagwa. Lero lokha wagwa kambirimbiri, mpaka tikuchita kumudzutsa."

Ine ndimanena za nsapato. Akazi anga ananditsina m'nthiti mpaka ndinadumpha, koma mawu anali atapita kale. Kenako ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'oneza mnzake kuti, "Matenda akugwa."

"Ayi, ayi, si khunyu," ndinatero. "Ndi nsapatozi."

"Nsapatozi anakupatsani ndani?" anafunsa mtumiki.

"Ndinagula pa kaunjika."

"Mwamva, abale? Za pa kaunjika. Mwini wake woyamba mukumudziwa, bambo? Anafa imfa yanji?"

(Ndikuvomereza kuti funso limeneli linandigwira. Sindinkamudziwadi.)

Nsapato anamuvula n'kuziponya kuphompho. Pa zonse zimene anachita anthu aja tsiku limenelo, chimenechi chokha ndicho chinali chanzeru. Kenako anamuzungulira mwana wanga, wina dzanja pamutu, wina paphewa, onse akufuula nthawi imodzi. Madzi aja sanamupatse kuti amwe, anamuwaza nawo. Ine ndinkazungulira kunja kwa bwalolo ndikukuwa kuti ndine wa Katolika, ngati kuti zimenezo zikanathandiza. Mwana anali ndi ludzu, ndi njala, ndi kutentha, anthu atamutsekera mphepo. Anakomokadi.

Ndiye tangoganizani. Bambo wanena yekha kuti mwana amagwa, ndipo mwana wagwa anthu akuona.

Atatsitsimuka, mayi wina anali atagwada akumupukuta kumaso ndi duku lake. Duku litachoka kumutu ndinamuzindikira. Anali mayi Nachisale, azakhali ake a Madalitso, omwe aja anabwera kwathu ndi amalume ake a mnyamatayo kudzafunsira. Anadya nkhuku yanga tsiku limenelo. Sanakalipe. Anangotukula maso n'kunena motsitsa mawu:

"Aphunzitsi, bwanji simunatiuze?"

Ndinafotokoza za nsapato, za nsanza, za kasupe. Ankangogwedeza mutu, uku akumusisita Sesiliya pamsana ngati wamasiye.

Kutsika kunali kosatheka, kunja kukuda ndipo mwana alibe mphamvu. Pomasula tenti ndinapeza kuti zitsulo zake zoimikira mulibe (wogulitsa uja ndimakumana naye pamsika, amandipatsa moni bwinobwino). Ndinaimangirira ku mitengo ndi luzi, inangolendewera ngati chovala pachingwe. Akazi anga ndi Sesiliya anagona atandifulatira, osakhudza chakudya. Ine njala inandipweteka, ndinatsegula kontena ya nkhuku yootcha mwakachetechete. Posakhalitsa ndinamva mtumiki panja akuchenjeza anthu ake kuti alimbe mtima, mdani wayamba kuwayesa ndi fungo la nkhuku.

M'mawa Sesiliya anatsika phiri lonse lija wopanda nsapato, ndipo sanagwe ngakhale kamodzi. Mboni tinali ine ndi amayi ake basi. Chinanso chimene sindinkadziwa n'choti pamwamba pa phiri netiweki imagwira bwino kuposa kunyumba kwathu. Nkhani inatsika tisanatsike. Pofika kumudzi, mayi wogulitsa zitumbuwa panjira anatipatsa moni wa odwala.

Patapita masiku amalume ake a Madalitso anabwera panjinga. Anakana tiyi. Anati kwawo akhala pansi, ndipo aona kuti za chinkhoswe ziyambe zaima.

"Tiyeni kuchipatala pompano," ndinawauza. "Akamuyeze inu mukuona. Mwanayu sanadwalepo matenda amenewa chibadwire."

"Ife sitikukutsutsani, aphunzitsi," anayankha akuyang'ana chipewa chawo. "Koma mawuwa sananene ndi mdani. Ananena ndi bambo wake womubereka, pamalo a mapemphero. Kholo linganamizire mwana wake?"

Akazi anga analowa m'nyumba osatsanzika.

Madalitso mwini wake sanabwere. Foni yake inayamba kusapezeka. Mnyamata amene ankapalasa njinga kuchokera ku Mtakataka dzuwa lili pamutu kudzangosiya kathumba ka mpunga, analephera kupalasa ulendo umodzi kudzamufunsa mtsikana kuti zoona zake n'ziti. Mvula isanathe tinamva kuti watomera wina cha ku Bwanje.

Ndikunena mosabisa, zimandiwawa mpaka lero. Ndimakwiyira anthu amene amaona matenda okhala ndi mankhwala kuchipatala ngati tsoka la mtundu wonse. Ndimakwiyira mnyamata uja, ndimakwiyira azakhali ake ndi chifundo chawo chija. Koma ndikawakwiyira onse n'kumaliza, pamatsalabe munthu mmodzi amene anagula nsapato, anasankha mwezi, n'kutsegula pakamwa. Ameneyo ndimameta naye ndevu pagalasi limodzi.

Sesiliya sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangochepetsa mawu. Amandipatsa madzi osamba, amandiyankha kuti "chabwino adadi," basi. Nsalu ya chinkhoswe ija anaidula n'kusoka makatani.

Tsiku lina masana ndinamupeza pakhonde akusoka pamakina ake. Ndinali nditakonza mawu anga bwinobwino pochokera kusukulu, mmene ndimakonzera phunziro.

"Mwana wanga," ndinayamba, "ukaiona bwino nkhaniyi, mwina ndinakupulumutsa. Munthu wothawa matenda ongomva, ukanadzadwaladi akanatani? Mwamuna wotero si mwamuna."

Sanaimitse makina. Anamaliza mzere umene ankasoka, n'kudula ulusi ndi mano.

"Zimenezo ndikuzidziwa, adadi," anatero osandiyang'ana. "Ndinazidziwa tsiku lomwe foni inasiya kupezeka. Koma ndinkamukonda."

Ndinali ndi mfundo zina zimene ndinakonza, zabwino ndithu, zokhala ndi zitsanzo. Ndinaima pakhondepo zili m'kamwa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire uphunzitsi, ndinazimeza, n'kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka makina aja atayambanso kulira.