Katoni ya Yamikani

Lolemba

Katoni yapezeka! Yolimba bwino, ya mafuta ophikira, ndachita kupempha kugolosale. Lachisanu ikupita ku Monkey Bay kwa Yamikani, mwana wa achemwali anga a ku Lirangwe, amene tsopano ndi msilikali wa pamadzi. Bambo ake anatisiya kale, ndiye zonse zili pa ine malume wake. Msilikali mnzake wa ku Mdeka ali patchuthi, akubwerera kuntchito Lachisanu, ndipo wavomera kunyamula. Akuti, "Kakatoni kamodzi, bambo. Kakang'ono."

Zimene zalowa lero:
shuga, mapaketi awiri
mkaka waufa
masamba a tiyi
mabisiketi
sopo wochapira, wamtali uja
chiponde cha achemwali, botolo lodzaza mpaka pakhosi

Chipondecho ndiye nkhani. Achemwali akolola mtedza wochepa chaka chino, mvula inadula msanga. Atapa pa wambewu, akazinga, asinja okha mumtondo ndi msana wawo wovuta uja. Pondipatsa botolo akuti, "Achimwene, zina zonse kaya, koma ichi chokha chikafike. Mwanayu chiyambire ali wamng'ono, phala lopanda chiponde sadya."

Ine ndayankha ngati nduna: "Chafika kale chimenechi."

Dzulo kutchalitchi pakamwa panathamanga pang'ono. Poti ndine mkulu wa mpingo ndipo zolengeza ndimawerenga ndine, ndinawonjezerapo zanga: mphwanga ali pamadzi kuteteza dziko, wofuna kuponyapo kangachepe, khomo langa n'lotsegula. Anthu anawomba m'manja. Mkazi wanga anangoyang'ana kudenga.

Lero akuti, "Mwezi uli pakati, m'nyumba muno shuga mulibe. Anthu mwawaitanawo muwamwetsa chiyani?"

Azimayi kudandaula zinthu zisanachitike!

Lachiwiri

"Odi!" A Likoswe, mkulu wa mpingo mnzanga. Anyamula chubu cha galimoto, chamagamba atatu. Akuti mnyamatayo azivala m'chiuno akakwera boti, madzi alibe chibale. Ndathokoza ndi manja awiri.

Akhala pampando. Avula chipewa. Kunja kukuzizira. Munthu wabwera ndi mphatso, ungamutulutse kukamwa kuli gwa? Nanga tiyi wopanda shuga, kunyumba kwa mphunzitsi, mkulu wa mpingo? Mawa Chileka yense adziwa.

Ndalowa kuchipinda, ndaboola paketi imodzi pakona. Sindikuba ayi, ndikungobwereka. Malipiro akatuluka ndibweza.

A Likoswe masupuni anayi! Akutakasa uku akundiyang'ana m'maso.

Asanatuluke, "Odi!" wina. Mayi Namaona a kukwaya, ndi usipa wouma wa m'pepala. Usipa kupita kunyanja! Ndafuna kuseka, ndameza. Akuti, "Kumeneko ndiwo amazipeza kuti, pamadzi pokhapokha?" Nawonso akhala pansi. Tiyi wopanda chotafunira sayenda, ndiye mabisiketi atseguka.

Zalowa: chubu, usipa.
Zatuluka: shuga theka la paketi, mabisiketi mzere umodzi, masamba a tiyi pang'ono.

Mkazi wanga amangotsuka makapu mokweza.

Lachitatu

Mbiri yafika ku Kuntaja konse kuti kwa aphunzitsi kukumwedwa tiyi wamkaka. Wamkaka! Ndinangotsegula chitini kuti ndione ngati sunaume, mlendo wina n'kuona.

Pochoka kusukulu ndapeza anthu atakhala pakhonde, aliyense kanthu pamiyendo:
dzungu limodzi, lalikulu ngati mutu wa ng'ombe
nzimbe zitatu zosadula
mfutso wa khwanya
malambe, thumba lonse
masau

Onse ndi anthu abwino, abwera ndi mtima umodzi. Koma bwanji palibe amene akungosiya n'kumapita? Amati mlendo ndi mame. Mame a kuno sauma, dzuwa lifike pamutu.

Wina akufunsa ngati Yamikani amagona m'madzi momwemo. Wina akuti anamva kuti sitima zawo zimayenda pansi pa nyanja mpaka ku Joni. Ine m'malo monena kuti sindidziwa, ndikugwedeza mutu ngati ndinakwerapo.

Mabisiketi atha. Paketi yoyamba ya shuga yatha. Katoni yayamba kupepuka, koma pakona ya chipinda pakula mulu woti ngolo ndiyo ingathe.

Botolo la achemwali ndalikweza pamwamba pa kabati. Ili lokha ayi. Ndalumbira.

Lachinayi

Ndalakwa. Ndilembe msanga ndisanayambe kudzikhululukira.

Abwera amayi a kukwaya, gulu lonse, atavala zofanana, Mayi Namaona patsogolo. Ayimba nyimbo ziwiri pabwalo, apempherera katoni, wina mpaka misozi. A Likoswe abweranso, ulendo uno ndi tambala wamoyo, wofiira, womanga miyendo. Akuti msilikali adye nyama.

Ndatuma mwana buledi kugolosale. Buledi wabwera. Majarini mulibe. Amayi khumi ndi kanthu akhala pamphasa, buledi wouma ali m'mbale, onse chete. Chete wake uja woti ukumva ntchentche ikudutsa.

Mayi Namaona akweza maso pakabati. "Kodi chimenecho si chiponde?"

Ndikanati ndi cha msilikali. Mawu atatu okha! Akanamvetsa, si iwo omwe amachipempherera? Koma ndamva pakamwa panga pakunena kuti, "Eee, lawaniko pang'ono."

Alawa. Supuni yazungulira mphasa yonse, yabwereranso. Akuti, "Koma ichi ndiye chiponde! Osati zam'sitolo zija." Wotsiriza wapukuta m'kati ndi chidutswa cha buledi, botolo langoti mbee.

Manyazi anapha lambe, akulu sananame. Ndaopa manyazi a buledi wouma, ndagula manyazi aakulu.

Ndafunsa mkazi wanga ngati tingapeze mtedza, tisinje china. Akuti, "Mtedza muupeza ndi chiyani? Ndipo dzanja la mayi ake mwana amalidziwa." Kenako wadula sopo wa msilikali pakati, akuti makapu onsewa atsuka ndi chiyani.

Ndamanga katoni. M'kati muli shuga wotsala, paketi yosafika theka, yomanga pakamwa ndi mphira. Sopo theka. Chitini cha mkaka chongolira pansi. Mpata wotsala ndadzaza malambe ndi usipa uja. Botolo lopanda kanthu ndalibisa kuseri kwa kabati.

Lachisanu

Ulendo wa ku Lirangwe. Njinga zamoto ziwiri: ina ine ndi katoni, ina thumba, dzungu, nzimbe zopingasa ngati nyanga, tambala, ndi chubu chovekedwa m'khosi mwa woyendetsa. Ana akuthamangira m'mbuyo. Ndatsitsa chipewa kumaso.

Pasiteji ndapeza mnzake wa Yamikani, mnyamata waudongo, kachikwama kamodzi kumsana. Wayang'ana katundu, wayang'ana ine. Mwaulemu ndithu akuti, "Bambo, ine ndikupita kuntchito, sikumsika. Tinagwirizana kakatoni."

Ndayesa kukambako za tambala. Akuti akalowa naye pageti, anzake amutcha dzina limene silidzachoka mpaka adzapume ntchito. Za chubu anangotembenukira kumbali mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Wanyamula katoni ndi dzanja limodzi. "Yopepuka bwino," akutero.

Achemwali analipo. Ayenda wapansi kuchokera kwawo kudzaiona katoni ikukwera. Aisisita pamwamba ngati mutu wa mwana. "Chiponde changa chili m'katimu, achimwene?"

"Chilimo."

Ndanena. Ine, wowerenga zolengeza. Minibasi yanyamuka, achemwali akubayibitsa katoni, ine ndikuyang'ana nsapato zanga.

Katundu wotsala sindingawasiyire, angafunse zambiri. Ndawauza kuti apita ulendo wina. Ndabwerera naye kunyumba modzera njira ya kuseri kwa chigayo, kuti eni ake asamuone.

Loweruka

Foni ikangolira, mtima phaa! Si Yamikani. Ikaliranso, si achemwali. Bola akanaimba n'kunditukwana, ndipume.

Dzungu lili pansi pa bedi. Nzimbe zili kudenga. Chubu ndachiphwetsa. Koma tambala ungamubise? Wayamba kulira m'bandakucha, m'bafa momwe ndamutsekera, ndipo sakusiya.

A Likoswe adutsa pa njinga, aima pampanda. "Katundu anayenda bwino?" Ndati anayenda. Pomwepo m'bafa: kokoliliko! A Likoswe apendeketsa mutu. "Tambala ameneyu akulira ngati wanga uja."

Ndati atambala a masiku ano amalira mofanana.

Ayang'ana bafa nthawi yaitali, akwera njinga osatsanzika. Ngakhale tiyi sanamudikire, ndiye kuti zafika poipa.

Mkazi wanga akuti tingomupha tidye, umboni uthe. Ndakana. Kudya chiponde cha msilikali, ndidyenso tambala wake? Ndiye akuti, "Chiponde simunadye inu. Inu munangogawa ngati mwini."

Lamulungu

Zolengeza ndawerenga mothamanga, osawonjezera kanthu. Potuluka, uthenga wa achemwali: ndipite ku Lirangwe, kwabwera katundu wanga.

Ndawapeza atakhala pakhonde, pambali pawo katoni ina. Kondakitala wa minibasi waitula m'mawa, yachokera ku Monkey Bay. Pamwamba palembedwa kuti AMALUME.

M'kati:
shuga, mapaketi atatu osatsegula
sopo wathunthu
nsomba zouma, zikuluzikulu, zonona

Achemwali akuti Yamikani anaimba dzulo. Atatsegula katoni yathu n'kuona shuga womanga ndi mphira ndi sopo woduka, anakhala pansi. Akuti, "Amayi, bwanji simunandiuze kuti kwa amalume zinthu zavuta chonchi? Munthu mpaka kunditumizira shuga wake womaliza! Muwauze asadzivutitsenso, tsopano ndi nthawi yanga yowasamala." Akuti anawaonetsa anzake onse, kuti aone malume weniweni.

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Ndadikira kuti achemwali afunse za chiponde. Sakufunsa. Akungotola timiyala mumpunga, mutu uli pansi. Kenako akuti, "Ndinakumana ndi Mayi Namaona kumaliro dzulo. Akuti chiponde changa n'chokoma kwambiri."

Ataya kamwala pansi, n'kupitiriza.

"Mwanayo ndamuuza kuti sindinasinje chaka chino, mtedza unavuta. Musadzamuuze zina. Ali ndi malume mmodzi yekha."

Ndamanga katoni panjinga. Ndimati ndiwasiyire shuga, akana, akuti wolembedwa dzina ndine. Andiperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse, ndipo potsanzikana akuti, "Botolo langa lokha mudzandibwezere, achimwene. Ndilibe lina."

Nditafika kunyumba ndalitulutsa kuseri kwa kabati, ndalitsuka ndekha. Mawa ndikapereka. Lopanda kanthu.