Maliro a Munthu Amene Ndinamupeka Ndekha

Lolemba

Dziko latha kumangidwa. Ndalijambula kuseri kwa katoni ya sopo: midzi inayi, mtsinje, phiri, ndipo pamwamba pake phanga la chilombo cha mitu itatu chimene chatseka kasupe wa anthu onse. Tchuthi changa chonse chathera pamenepa.

Masewerawa ndinawaphunzira ku koleji ya aphunzitsi. Ine ndimafotokoza dziko, wosewera aliyense ali ndi munthu wake ndipo amanena chimene munthuyo achite, dayisi n'kugamula ngati zatheka. Lamulo lalikulu: wosewera ndi mfulu, achite chimene akufuna. Ndawauza kawiri, chifuwa chili patsogolo.

Osewera:
- mng'ono wanga Dalitso, mlenje wa uta
- mayi a kunyumba, sing'anga wa zitsamba (akuti a kumpingo asamve)
- Che Amidu ogulitsa zipangizo za njinga pa Chiringa. M'dziko la zilombo, mwa zonse zimene munthu angakhale, asankha kukhala wamalonda.

Dalitso anyamuka Lamulungu kupita ku Joni kukasaka ganyu. Kubwera kwake sitikudziwa. Ndikufuna aphe chilombochi asanapite, kuti akamandikumbukira asamangokumbukira malangizo okhaokha.

Lachiwiri

Tayamba masana pakhonde. Anthu athu ndi zitsekerero za mabotolo. Pofuna kuti dziko limveke lenileni ndikuthirako mchere: "Mukudutsa m'mudzi woyamba. Agalu akuuwa, pamsewu pali masamba, kwamwalira mkulu wina. Njira ya kuphiri ili kumanja."



Mayi a kunyumba: "Ndiye tidutse pamaliro ngati mbuzi?"

Ndikuti munthuyo sitikumudziwa. Che Amidu akuti, "Aphunzitsi, pamaliro ngakhale wa njinga amatsika. Inu mukufuna tithamange ndi mauta?"

Akhotera kumanzere onse atatu. Malemuyo alibe ndi dzina lomwe, ndinangomuika ngati maluwa a pawindo. Ndamutcha a Makwinja. Mayi a kunyumba akuti anali munthu wabwino.

Lachitatu

Maliro akupitirira. Mafunso amene ndafunsidwa lero:
- anadwala chiyani?
- ankapemphera kuti?
- mwini mbumba ndani, ndipo bwanji sakuoneka?
- uthenga wafika kwa abale a ku Mozambiki?

Ndikuti m'dziko langa mulibe Mozambiki. Che Amidu akupukusa mutu, akuti limenelo ndiye dziko labodza, nanga makolo a anthu ake anachokera kuti? Ndajambula Mozambiki m'mphepete mwa katoni, pamene panalembedwa kulemera kwa sopo. Tadikira abale. Afika mochedwa, mlatho sindinaujambule.

Dalitso waponya dayisi kuti athandize adzukulu kukumba manda. Sikisi! Sikisi imene ikanadula mutu wapakati wa chilombo yathera pa dzenje. Manda ake okongola, n'zoona.

Lachinayi

Lero ndawakankha dala. Chilombo chabangula kuphiri, nthaka yagwedezeka, mtsinje waphwa.

Mayi a kunyumba akuti madzi anatunga kale, panopa akuphikira anamfedwa kalongonda, ndipo kalongonda munthu sasiya pamoto n'kupita kunkhondo. Pamenepo sindingatsutse, nyemba imeneyi ndi youma mutu kuposa chilombo.

Che Amidu akufuna kudziwa chimene chilombo chimadya. Ndikuti mbuzi. "Ndiye bwanji m'mudzi muno mbuzi zili mbwee?" Ndafufuta mbuzi. Akuti tsopano anthu apha chiyani pa sadaka? Ndabwezeretsa imodzi.

Kenaka pakamwa panga pandigulitsanso. Ndanena kuti mwana wamkazi wa malemu akugawira thobwa anthu ochokera kumanda. Dalitso wadzutsa mutu, akufunsa dzina lake. Ndikuti alibe, ndi munthu wongodutsa. "Achimwene, munthu wogawa thobwa angakhale wopanda dzina?"

Esinati.

Ndakwiya ndipo sindikubisa. Phanga lili ndi zipinda zobisika, misampha, mwambi wolembedwa pamwala. Palibe amene wafikako ngakhale patsinde pa phiri.

Lachisanu

Che Amidu afika kuchokera kumzikiti ali ndi nkhani: avomera kukhala nkhoswe wa mlenje. Sindikudziwa anakambirana liti. Ndikuona kuti masewera anga akuseweredwanso kwina ine kulibe.

Dalitso akufunsira Esinati. Ndikuti zitheka pokhapokha igwe sikisi. Yagwa folo, mtima wanga mbee. Mayi a kunyumba alanda chitsekerero: "Dayisi ikudziwa chiyani za mtima wa mkazi? Esinati ndimusewera ine." Esinati walola.

Ndikudandaula kuti malirowo angotha kumene, anthu anena chiyani? Che Amidu akuti nthawi mwini wake ndine, ndingodumphitsa chaka. Ndadumphitsa. Chilombo chakhala m'phanga chaka chathunthu, mitu itatu yonse ikuyasamula.

Ukwati unali wabwino. Ndinaumba ndekha woimba ng'oma, ndipo ndikuvomera kuti ndinasangalala pang'ono.

Loweruka

Tsiku lomaliza. Popeza iwo sapita kuphiri, chilombo ndachitsitsa. Chili kuseri kwa khola, mpweya wake ukuwotcha udzu.

Koma mlenje tsopano ndi mkamwini, akukhala kwawo kwa mkazi. Apongozi, amenenso akuseweredwa ndi mayi a kunyumba, amupatsa munda. Akuti mkamwini sachoka osatsanzika. Watsanzika mwaulemu, atanjuta. Apongozi akana, akuti mizere sinathe.

Ndafika pochonderera, ine mphunzitsi wamkulumkulu: "Dalitso, uta uli m'manja. Ponya kamodzi kokha."

"Achimwene, paja munati ndine mfulu?"

Ndikuti eya.

"Ndiye ine ndikukhala. Kuno munda ulipo, mkazi alipo, mvula mumagwetsa ndinu. Ndipitirenji kwina?"

Palibe waseka. Che Amidu ayamba kuwongola chitsekerero chawo chomwe sichinapindike. Mayi a kunyumba alowa m'nyumba, akuti akukaona mphaka. Ife tilibe mphaka.

Chilombo ndachibweza kuphiri mwakachetechete. Mlenje wabzala chimanga ndi nandolo. Dayisi yagwa thuu, zokolola zochepa. Dalitso akuti zikwana.

Lamulungu

Dalitso wapita m'mawa pa kabaza, chikwama pamiyendo. Ndinakonza mawu ambiri, onse akhala malangizo. Usamale mapepala. Usamwe. Uziimba foni.

Iye akuti, "Mlenje wanga musamusunthe. Muzimuponyera dayisi Lamulungu lililonse, muone ngati pakhomo pali bwino."

Chilombo chili moyo. Kasupe ndi wotsekabe. Che Amidu akufunsa ngati a Makwinja tiwamangira chiliza, mayi a kunyumba akuti Esinati sakumva bwino m'mawa uliwonse. Basi, dziko si langanso, ndangotsala wolijambulira milatho.

Ndamusowa kale mwanayu, ndipo dzuwa silinalowe.

Pochokera kutchalitchi ndakhala pakhonde ndekha, ndaponyera mlenje dayisi. Yagwa wani. Ndayang'ana uku ndi uku, ndaponyanso.