Dzenje Lomwa Madzi a Mvula

Lolemba
Basi, ndatopa nazo. Mvula ikangogwa, madzi ochokera kuphiri amasesereka pabwalo pathu, poti bambo akunyumba anathira simenti paliponse, n'kukalowa m'khitchini mwa Abiti Jafali, oyandikana nafe. Masiku ano moni wanga amangouyankha ndi mutu. Pawailesi akuti tizikumba dzenje losazama, tidzalemo udzu ndi nthochi, nthaka izimwa madziwo. Zofunika: khasu, udzu wa vetiva, ana a nthochi awiri, mwamuna wokumba. Zitatu zoyambazo ndapeza.

Lachiwiri
Bambo akuti msana. Ndikukumba ndekha kuseri kwa bafa, ndi kokhako kopanda simenti. Wakabaza wina waima: "Achemwali, chimbudzi pafupi ndi msewu chonchi?" Ndamufotokozera zonse. Wapalasa njinga yake akupukusa mutu. Matuza atatu m'manja.

Lachitatu
Ndadzala! Vetiva m'mbali, nthochi pakati, timiyala polowera madzi. Kukongola kwake! Ndapita kukaliona kanayi. Tsopano mvula ibwere. Koma kumwamba kuli mbee, mitengo ya paphiri ikuchita kuwerengeka.

Lachinayi
Dzuwa lokhalokha. Vetiva wafota. Ndapita kumpopi katatu kukatunga madzi othirira dzenje lothana ndi madzi. Pobwera ndapezamo zisononkho, majumbo, mitu ya usipa ndi patapata mmodzi. Anthu akuyesa dzala.

Lachisanu
Ndakhoma chikwangwani: PANO SI PADZALA. Anthu amvera. Mbuzi siziwerenga. Nthochi imodzi yatsala chitsa. Abiti Jafali aima pampanda, ayang'ana dzenje, ayang'ana ine. "Mwati madzi azilowa mmenemu? Nanga eni akewo mwawauza?" Aseka mpaka kugwira mpanda. Sindikudandaula, bola andiyankhula.

Loweruka
Mvula! Phiri lasowa m'mitambo. Ndaima panja ndi ambulera ngati wodikira alendo. Madzi awo akutsika, ofiira, akubwera, akubwera... alambalala! Kani dzenje langa lili kumtunda. Adutsa pasimenti monga kale, ulendo wa kukhitchini. Ndataya ambulera, ndatola chidebe. Ine ndi Abiti tikukapa madzi mpaka madzulo, mapoto akuyandama, makala onse anyowa. Iwo sakukalipa, akungoti, "Kapani uko, anzanga, kapani."

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, nsapato sizinaume. Abiti abwera ndi zitumbuwa zokazingira pa mbaula yanga. Akuti nzeruyo ndi yabwino, koma dzenje likhale pomwe madzi amadutsa, ndiye kuti tiphwanye simenti. Bambo atangomva mawu oti simenti akweza wailesi. Tikambirana chaka chamawa, akutero.

Ndapita kukazula chikwangwani. Thadzi lathu laikira mazira awiri m'dzenjemo, lakhala phee pansi pa tsindwi la bafa. Ndalisiya. M'dera lonse la Chinamwali lino, malo ouma ndi okhawo.