Nyenyezi M'beseni la Usipa

Khosi langa linachira, koma manyazi aja sanachire mpaka pano.

Zinayamba mwana wanga Zione atabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite. Tikumwa tiyi, anatukula supuni ya shuga n'kunena kuti kumwambaku kuli nyenyezi zakufa zothinana kwambiri, moti kasupuni kamodzi ka zinthu zake kamalemera kuposa phiri. Akuti ziwiri zoterozo zikawombana, pamatuluka golide. (Zinazo zinangondidutsa, koma za golide ndinamva bwinobwino.)

M'mawa mwake ndikukagula usipa kunyanja ku Ngala, ndinapunthwa pa chinthu chakuda mumchenga. Kukula kwake ngati papaya, koma kulemera, mayo ine! Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuchiika m'beseni, usipa pamwamba, n'kusenza.

"Usipa wa lero ukulemera, Mayi a Zione?" anafunsa Che Issa, msodzi woyandikana nafe, poona ndikuyenda ngati bakha.

Basi, aona amenewa. Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka mbava. Amuna anga atafunsa chimene ndinkatsekera chitseko dzuwa likuswa mtengo, ndinati ndikuthawa fumbi. (Golide amasintha anthu, ngakhale amene munabereka nawo ana.) Zione sindinamuuze, poti ophunzirawa sachedwa kukauza boma.

Che Issa anasiya kupita kunyanja, n'kumangozungulira mudzi maso ali pansi. Tsiku lomwe anasuzumira pampanda pathu, ndinalephera kupirira.

"Mukufunanji pakhomo pa eni? Nyenyeziyo ndinatola ndine!"

Anthu anasonkhana. Zione analowa m'nyumba n'kutuluka akugubuduza chuma changa chija kuchokera pansi pa bedi.

"Amayi, chikanakhala cha nyenyezi ija mukanachisenza? Bwenzi chitaboola beseni, inuyo, ndi nthaka yomwe."

"Nangula wa bwato langa uyo!" anakuwa Che Issa. "Chitsulo cha chigayo chakale. Ndinachisiya pamchenga ndikukasaka chingwe. Ndi mwera uno ndikanalowa bwanji m'madzi? Ana anga atopa ndi masamba a chinangwa."

Mbava ya m'mudzi monse muja inali ine. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinapepesa, n'kusenzanso chitsulocho mpaka kunyanja, usipa wopepesera pamwamba.

Komabe tandiuzani, ndi munthu wanji amene amalandira chitsulo chadzimbiri ndi manja awiri, n'kuchipukuta ndi malaya ake? Ine diso langa lili pa Che Issa. Akadzangogula njinga yamoto, tidzaonana kwa amfumu.