Tsiku Limene Ndinagwetsera Esnath M'ngalande

Mu Chitungwiza monse muno simunabadwe munthu wodziwa kuseketsa anzake ngati ine. Mboni zilipo zinayi, zonse zimaswera pa benchi ya wometa tsitsi ku Unit K, ndipo palibe imene ili pa ntchito. Kunja kwa benchi imeneyo luso langali ndinaliyesako kamodzi kokha. Mpaka lero ndikakumbukira ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mabanja athu ochokera ku Malawi okhala kuno ku Zimbabwe ali ndi bungwe la maliro, ndipo bungwelo lili ndi gulu lake la pa foni. Anandisankha ine kuyang'anira gululo chifukwa ndinapita ku koleji (sanafunse kuti ndinabwerako bwanji, inenso sindinafune kuwatopetsa). Ntchito yanga inali imodzi basi: kukagwa zovuta, ndilembe. Choncho akuluakulu akaona dzina langa pa foni, amayamba akhala pansi asanawerenge.

Tsono ndili ndi msuweni wanga Esnath, mwana wa azakhali a ku Unit A. Paja msuweni ndi wosereulana naye. Iye amanditcha pulofesa wa pa benchi, ine ndimamutcha mkazi wanga wothawa, ndipo palibe amakwiya. Esnath anasunga ndalama zaka zambiri nkugula kagalimoto koyera konyamulira ana asukulu. Makolo ambiri a anawo ali m'gulu lomwelo.

Tsiku lina masana, ana ali pafupi kuweruka, mnzanga wa pa benchi anandionetsa chithunzi chimene anatola pa intaneti: galimoto yoyera itagwera m'ngalande, matayala ali m'mwamba. Tinaseka mpaka wometa anaima kaye. Kenako ndinaona kuti nkulakwa kumana mtundu wonse chisangalalo chotere. Ndinachiponya m'gulu lija nkulemba kuti: "Esnath uyo. Mkazi akagwira chiwongolero zimathera apa." (Ine wolembane chiwongolero ndinangochigwirapo galimoto itaima.)

Foni inathima nthawi yomweyo, magetsi anali atapita kuyambira m'mawa. Ndinakhala phee, kudikira ulemerero wanga.

Wometa atandilumikizira pa batire yake, mauthenga analowa ngati njuchi. Panalibe woseka ngakhale mmodzi. Wamkulu wa mpingo anali atalemba pemphero. Wina ankafunsa kuti amutengera chipatala chiti. Mayi wina analemba m'Chishona mawu atatu okha, "Ko vana vedu?", kufunsa za ana ake, ndipo anawabwereza kangapo. Esnath sankayankha aliyense, chifukwa akamayendetsa sagwira foni.

Ndinathamanga mpaka ku Unit A. Ndinapeza mipando yatulutsidwa kale panja monga zimakhalira pamaliro, amayi atamanga zitenje ali pa mphasa, azakhali ali pansi wina akuwakupiza ndi mpango. Ndisanapeze poyambira, kagalimoto koyera kanatulukira, kanalowa chafutambuyo pa geti lopapatiza la pakhomopo osakhudza kanthu, ndipo Esnath anatsika atanyamula buledi. Anafunsa kuti wamwalira ndani.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinafotokoza mwaulemu kuti inali nthabwala chabe, chisuweni, mwambo wa makolo athu. Ndinanenanso (apa ndi pamene ndikanatseka pakamwa) kuti anthu masiku ano sachedwa kukhumudwa.

Esnath anawerenga uthengawo, nkundiyang'ana. Sanakweze mawu.

"Chisuweni timachitira pakhomo pano, pamene ndingakubwezere," anatero. "Kumeneko wandiseka pamaso pa anthu amene amandipatsa ana awo m'manja. Ndipo sunaseke ine ndekha, aise. Waseka ndi amayi onse akhala pa mphasawa."

Pa mphasapo panali amayi anga.

Madzulo omwewo mabanja atatu analemba kuti ana awo apeza wina wowanyamula. Bambo wa limodzi mwa mabanjawo anawonjezera kuti ngozi ikhalepo kapena ayi, mnyamatayu wanena zimene iye wakhala akuganiza kuyambira kale. Ameneyo ndiye yekha amene anagwirizana nane m'gulu lonse, ndipo sindinamvepo manyazi otere chibadwire.

Wapampando wa bungwe, a Banda, anagamula mlandu mawa lake. Udindo anandilanda nkuupereka kwa mtsikana wa fomu 4. Anati ndipereke nkhuku kwa azakhali chifukwa chowaliritsa mwana wamoyo, kenako ndikagwade khomo ndi khomo kwa makolo aja, pakamwa, osati pa foni. Ndinafunsa kuti ndikafikako bwanji, popeza nyumba zake nzotalikirana. Anati woyendetsa alipo.

Ndinakhala kumbuyo, pampando wa ana, mawondo ali kukhosi. Esnath ankayendetsa, maso ali pa msewu. Pakhomo lililonse ankatsala m'galimoto ine nkumawomba m'manja pa geti. Mabanja awiri anabwezera ana awo kwa Esnath. Bambo uja anandimvetsera mpaka kumapeto, anandigwira paphewa ngati mnzake, nati zisandidandaulitse, koma mwana wake sabwereranso. Mpandowo ukuyendabe wopanda munthu.

Anzanga a pa benchi akuti nthabwalayo inali yabwino, inangogwera pa anthu olakwika. Ndimagwedeza mutu kuti asandithamangitse pa benchi. Esnath akuluzabe mwezi uliwonse, pamene ine zonsezi zinangondidyera madola asanu ndi atatu: asanu ndi awiri a nkhuku, ndi imodzi imene anandilipiritsa potsika.