Alamu Anga Sititaya ndi Kathanki Kong'aluka

Alamu anga Sititaya, makaniko a kuseri kwa msika, anafa osatayako kanthu. Dzinalo anawapatsa ndi anthu, chifukwa ukawapititsira chinthu chosweka n'kufunsa ngati ugule china, ankakuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo. "Kuno sititaya." Galaja yawo inadzaza ndi mabeseni osweka, zigubu ndi ndowa zobooka. Mkazi wawo, achemwali anga, ankati anakwatiwa kudzala.

Luso lawo linali pa pulasitiki. Ankatenthetsa kachitsulo pamakala n'kumasungunulira zidutswa za beseni pamng'alu. Koma ankachita zimenezi atatseka chitseko ndi zenera, ati mphepo imaziziritsa pulasitiki isanagwire. Chifukwa cha utsi wake, ngakhale mphemvu zomwe zinasamuka, koma iwo phee m'katimo, kumangotsokomola.

"Mudzafera momwemo!" achemwali ankakuwa akumenya chitseko.

"Ukatsegula umata ndiwe!"

Adokotala atawajambula chifuwa anati mapapo atha, utsi asaupumenso. Alamu anayang'anitsitsa chithunzicho n'kufunsa, "Mng'alu uli pati? Mwina tingamate." Adokotala sanaseke. Achemwali anakhoma galaja ndi loko, n'kuchenjeza abale tonse kuti wina asayerekeze kuwabweretsera ntchito. Ine ndinalonjeza mokweza kuposa onse.

Tsono galimoto yanga ndi nkhalamba, zipangizo zake zinasiya kupezeka ndisanamere ndevu. Kathanki ka madzi otsukira galasi la kutsogolo kanang'aluka chapansi. Ukathira madzi pakhomo, pofika pamsewu atha. Inali nyengo ya mvula, malole ankandimwaza matope, mawaipa n'kumangowapaka pagalasi ponse. Ndinayesa guluu, anamatuka. Ndinazungulira mashopu, anandiseka. Tsiku lina ndinangotsala pang'ono kugunda mayi wina wa panjinga.

Ndinapita kwa alamu kukangofunsa nzeru basi, kathanki kali m'jumbo. Achemwali anali kuntchito. Alamu anali pakhonde, ataonda ngati sipoko ya njinga.

"Alamu, m'jumbomo muli chiyani?"

"Mulibe kanthu, alamu."

"Nanga mulibe kanthuyo akudontha bwanji?"

Anakalanda, kukatembenuza, kukagogoda ndi chala. "Guluu? Mwakanyoza. Pulasitiki imafuna inzake." Loko wa achemwali sanawavute. Anali wakufa amene anamudzutsa okha, ndipo kiyi wachiwiri anali m'sokosi.

Anaboola timabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, anagonekapo kawaya, n'kudula chidutswa cha chigubu choyera. Makala atayaka anati, "Tulukani, mutseke chitseko." Ndinatseka ndi dzanja langali. Ndinaima panja pafupifupi ola ndikuwamva akutsokomola, koma sindinatsegule. Anatuluka maso ali psuu, anathira madzi m'kathanki n'kukakweza m'mwamba. Ngakhale dontho! Chiyambire matendawo ndinali ndisanawaone akumwetulira chotero.

Sabata yomweyo anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwerekonso. Anthu amati matenda anali atapita kale patali. Mwina n'zoona, koma ine mtima umandipweteka mpaka lero, chifukwa ndimadziwa amene anatseka chitseko.

Kuseri kwa msika tsopano kuli mpweya wabwino. Mabeseni osweka angoti mbwee m'ngalande, palibe wowatola. Achemwali sindinawauze kanthu, ndipo kunyumba kwawo ndinkapitako mozemba.

Mwezi watha ndinawapeza pamsewu mvula ikugwa, ndinawakweza. Lole inatimwaza matope, ine n'kupopera madzi osaganiza. Iwo anayang'anitsitsa galasi likuyera.

"Achimwene, suja munkati kathanki kameneka sikapezeka?"

"Ndinakapeza, achemwali."

"Musandinamize. Malaya awo a tsiku lija ndinachapa ndine, ankanunkha utsi."

Ndinasowa poyang'ana. Tinayenda kamtunda, mawaipa akulira. Kenako anapukuta m'maso ndi mpango.

"Nanga kakudontha?"

"Ayi, achemwali. Ngakhale pang'ono."

"Eya," anatero. "Bambo ameneyo ankamata."