A Khutchumu ndi Botolo Lawo

Mumsewu wa magalaja uja munali bambo wina amene sankalola mafuta kuyandama pa msuzi iwo akuona. Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, aliyense ankangoti a Khutchumu. Ntchito analibe, ndipo sankaisowa n'komwe. Banja lonse linkadya thukuta la akazi awo, mayi a kalesitilanti ka pakona, pomwe iwo ankangotopetsa mpando pakhomo atakumbatira botolo lagalasi.

Misalayi inayamba atawachotsa kathumba ka ndulu kuchipatala. Dokotala anawafotokozera bwinobwino kuti ndulu imaphwanya mafuta kukhala timadontho, ndipo timadonthoto tikakhala tating'ono kwambiri thupi limagaya msanga. Anawauzanso kuti asade nkhawa, chiwindi chizipangabe ndulu. Mawu omalizawa analowa khutu ili n'kutulukira linali. Munthu anabwerako atadzipatsa yekha udindo wokhala ndulu ya msewu wonse.

Wowotcherera zitsulo akangoti agwire supuni, a Khutchumu afika kale.

"Achimwene, taimani kaye! Mukuwaona mafuta akuyandamawa? M'mimbamo akakhalanso pamwamba chomwechi."

"Bambo, njala yandipha ine."

"Ikuphani bwino mukamwa zosaphwanya."

Msuzi uja ankautsanulira m'botolo, n'kuponyamo chikasu cha dzira kuti mafuta ndi madzi zisalekanenso. Kenako khutchu khutchu khutchu, maso ali psuu, masaya akugwedezeka, buluku likutsika pang'onopang'ono. Chotuluka m'menemo chinkafanana ndi madzi otsukira mbale.

Telala wina wonenepa, a Khutchumu anamulonjeza zodabwitsa. "Msuzi wosalekana umachedwa kuchoka m'mimba. Inu njala muimva madzulo." Telala anapapira, kupukuta pakamwa, n'kuitanitsa mbale ina pomwepo.

"Vuto ndi dzira," anatero a Khutchumu osachita manyazi. "Nkhuku za masiku ano n'zaulesi."

Mayi ankaonera zonsezi pa kawindo ka kukhitchini mtima ukuwira. Kutsidya kwa msewu kunali kutatsegulidwa lesitilanti yatsopano ya matailosi ndi wailesi ya kanema, ndipo iwo ankadziwa kuti tsiku lina anthu adzatopa n'kuwoloka. Anabisa botolo lija, bambo anatenga fulasiki. Anabisa fulasiki, bambo anabwereka chigubu kwa makaniko, fungo la petulo lisanathe n'komwe.

"Bambo a ana, mundithawitsira anthu. Tikatseka pano tizidya chiyani? Timadontho tanuto?"

"Mayi, inu mumaphikira pakamwa. Ine ndimaganizira matumbo."

"Matumbo a eni ake! Anakutumani?"

Ankawanyoza pamaso ndi kuseri komwe, ndipo kunena zoona ankayenera kunyozedwa. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kutha tsiku lonse akulimbana ndi msuzi wa anzake, makala osagula, mbale osatsuka ngakhale imodzi.

A Khutchumu anamwalira ndi chibayo, matenda osakhudzana ndi mafuta ngakhale pang'ono. Mayi analira monga mkazi aliyense, koma potsegulanso lesitilanti anapuma mpweya wabwino. Anaphika nyama yonona, mafuta ali nyezinyezi pamwamba, popanda wowalanda mbale. Masiku oyamba anthu anabwera kudzapepesa. Kenako mabenchi anayamba kuchita fumbi.

Tsiku lina masana mayi anaona wowotcherera uja akutuluka kutsidya, akutokosa m'mano. Anamuimitsa pakati pa msewu.

"Achimwene, ndakulakwirani chiyani? Wokusokonezani uja palibetu."

Wowotcherera anakanda m'mutu. "Mayi, musakhumudwe. Nyama yanu ndi yolimba kuyambira kale. Ifetu tinkabwera kudzaona bambo. Tinkachita kupikisana kuti buluku ligwa lero kapena mawa."

Mayi anabwerera kukhitchini kwawo. Chinawapweteka kwambiri si nyama yolimbayo ayi, koma kuti chitsiru cha munthu chija amachisowa nawonso, ndipo zimenezi zimawakwiyitsa mpaka lero. Masana mumsewumo mumangomveka nyundo ndi majenereta, anthu amadya mwakachetechete ngati ali pamzere wa kuchipatala. Mayi tsopano amaphika m'kapoto kakang'ono, ndipo nakonso sikatha.